Njiri ndi Msinkhu wa Apongozi Ake

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, kunali Njiri. Khalani pansi mumve. Amene mwangobwerera chakudya, mudikire.

Njiri anali mkamwini. Anakwatira Nachanza, gwape wamasiye amene analeredwa ndi mayi wina wa kudambo. Mayi ameneyo ndiye anali apongozi a Njiri. Tsono mwambo mukuudziwa, mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Koma Njiri anaugwira mopitirira. Akamva apongozi akubwera, iye ali lowu m'tchire. Akamayankhula nawo, iye ali kuseri kwa nkhokwe, atagwada, atatsinzina. Zaka zinayi pamudzi, apongozi osawaonapo ngakhale chala. Ankangodziwa mawu awo. Ndiye mawuwo! Akati, “Nachanzaaa!” mbalame zinkabalalika, mbale zinkagwa pathandala.

Inu ndikunong'onezeni. Apongoziwo anali Chule. Kachule kokwana m'chikhatho. Dera lonse linkadziwa, kupatula Njiri.

Khirisimasi ina Njiri anawagulira mbale ya pulasitiki kugolosale ya Nyani. Mbaleyo itangoyandikira moto inasungunuka. Choncho Khirisimasi yotsatira itayandikira, mawu aja anagunda kuchokera m'nyumba.

“A Njiri! Chaka chino ndikufuna chinthu chopangidwa ndi manja. Chopangira ine. Chondikwana ine. Mukalephera, mupinde bulangete lanu muzipita kwanu!”

“Ndamva, amayi,” anatero Njiri kuseri kwa nkhokwe.

Nachanza anati, “Bambo, ndikuuzeni msinkhu wa amayi?”

“Iwe, makutu ndili nawo,” anatero Njiri. “Msinkhu ndaumva ndekha.”

Anayamba kwa Nkhanu, woumba mbiya kumtsinje.

“Odi kuno! A Nkhanu, ndiumbireni chikho chomwera thobwa. Cha apongozi anga.”

“Chachikulu bwanji?”

Njiri anakoka mpweya nakuwa, “Nachanzaaa!” Kenako anati, “Mwamva? Umbani chokwana pakamwa potuluka mawu otere.”

Nkhanu anatukula maso ake aja. “Koma a Njiri, apongozi anu aja si...”

“Chete! Za apongozi sitikamba panjira. Inu umbani.”

“Nanga malipiro?”

“Malipiro a chiyani? Dothi munalima ndinu? Dothi n'la Mulungu.” Anaponya pansi kachinangwa kowawa.

Nkhanu anayang'ana kachinangwako, anayang'ana Njiri. Anatseka pakamwa. Anaumba chikho choti mvuu n'kusambiramo.

Njiri anapita kwa Gogomole, mbalame yosema mitengo.

“Odi kuno! A Gogomole, ndisemereni mpando. Wa apongozi anga.”

“Wautali bwanji?”

“Nachanzaaa! Mwamva? Semani wokwana mwini mawu amenewo.”

Gogomole anapendeketsa mutu. “Koma a Njiri, apongozi anu aja si...”

“Chete! Munaleredwa kuti inu? Semani.”

“Nanga malipiro?”

“Mtengo umamera wokha. Inu mumangougogoda, ndipo kugogoda mumachita kukonda.” Anaponya pansi mbatata yofumbwa.

Gogomole anayang'ana mbatatayo, anayang'ana Njiri. Anatseka mlomo. Anasema mpando wotalika kuposa denga la nyumba.

Njiri anapita kwa Ntchenzi, kumabango.

Apa ndiime pang'ono. Mayi ake a Ntchenzi, a Nangondo, ankasoka mphasa. Anasoka moyo wawo wonse, mpaka zala zinapindika. Dera lonse linabadwira pa mphasa zawo. Dera lonse linkagona pa mphasa zawo. Koma pogula aliyense ankati, “Tsitsaniko, mayi, bango limamera lokha.” Atadwala, palibe anaponda pakhomo. Ngakhale mmodzi. Atamwalira, ee, anabwera onse. Analira mokweza kuti amveke kutsidya. Anadya nyemba zonse za m'nyumba. Pochoka, aliyense mphasa ili m'khwapa. Mayi wosoka mphasa anaikidwa m'manda atakulungidwa m'chiguduli. Amoyo ndi otero. Inde, ndikunena inu.

Njiri anali nawo pamaliropo, ndipo iye ananyamula ziwiri.

“Odi kuno! Mphwanga Ntchenzi, pepa pa zija. Amayi ako anali ndi manja! Manja ngati aja sadzapezekanso.”

Ntchenzi sanadzuke. “Munawauza ali moyo?”

“Aa, tinkachita manyazi.”

“Manyaziwo anali kuti ponyamula mphasa ziwiri?”

Njiri anatsokomola. “Zija n'zowakumbukira. Ndikagonapo ndimawalota.”

“Mumawalota akuti chiyani?”

“Tisiye zimenezo, mphwanga. Ndikufuna mphasa ya apongozi anga.”

Ntchenzi analowa m'nyumba. Anatuluka ndi kamphasa kakang'ono ngati tsamba la mpiru, kosokedwa bwino, kosalala.

“Amayi anasoka aka masiku awo omaliza,” anatero. “Anati, ‘Khirisimasi ikafika a Njiri adzabwera. Ndi opusa, koma ndi anansi athu. Udzawapatse.’ Tengani. N'kaulere.”

Njiri anakagwira ndi nsonga za ziboda, naseka mpaka kugwa chagada.

“Aka? Kopukutira mamina aka? Ukufuna apongozi andithamangitse? Ayi, mphwanga, amayi ako mutu unali utayamba kuzungulira.”

Ubweya wa Ntchenzi unaima njoo. Anatenga kamphasa kaja, anakapukuta, anakabwezera m'nyumba. Atatuluka anali akumwetulira, mano onse pamtunda.

“Mwanena zoona, achimwene. Mukufuna yaikulu bwanji?”

“Nachanzaaa!”

“Basi? Apongozi anu mukuwachepetsa. Onjezerani.”

“NACHANZAAA!”

“Eya. Ameneyo ndiye muyeso. Malipiro ake mundibwezere mphasa ziwiri zija.”

Njiri anavomera msanga, pakuti anali ataziboola kale ndi mano. Ntchenzi anadula bango lonse la kudambo. Anasoka, anasoka, anasoka. Ankasoka akulira, ankasoka akuseka.

Tsiku la Khirisimasi linafika. Nyama zinadzaza pabwalo, zitavala zatsopano. Njiri anafika thukuta lili kamukamu, chikho akugubuduza, mpando akukoka, mphasa atabereka. Njovu inamuthandiza kuimika mpando, ndipo amayi a m'mudzi anakhuthulira thobwa lawo lonse m'chikho, koma linangofika pakati. Njiri anathamangira kuseri kwa nkhokwe, anagwada, anatsinzina.

“Amayi, landirani mphasa yanu!”

Anaikankha ndi mwendo. Mphasa inafunyuluka. Inaphimba bwalo. Inaphimba khola la nkhuku. Inaphimba dimba la tomato. Inaphimbanso apongozi, amene anali atangotuluka pakhomo. Nyama zinangoona kachotupa kakudumphadumpha pansi pa mphasa.

“Ndani wazimitsa dzuwa?” mawu anagunda.

Njiri anamwetulira. “Mwamva? Akuti ili ndi mthunzi wabwino.”

Nachanza anakwawira pansi pa mphasa nawatulutsa amayi ake, fumbi lili mbuu.

“Amayi, khalani pampando wanu!” anakuwa Njiri.

Chule anadumpha, nagunda mwendo wa mpando. Anadumphanso, nagundanso. Kachitatu Njovu inamva chisoni, inawanyamula ndi chitamba n'kuwakhazika pamwamba.

“Mukuuona bwanji, amayi?” anafunsa Njiri.

“Ndikuona mudzi wa kwanu, a Njiri,” mawu anagunda kuchokera kumwamba. “Njira yake ndi yolambula bwino.”

Njiri anamwetuliranso. “Mwamva? Akuyamikira kwathu.”

Tsono kukuwa kumaumitsa kukhosi. Chule anasuzumira pansi naona thobwa m'chikho. Anawerama. Anaweramanso. Phava!

“Amayi agwera m'chikho!” anakuwa Nachanza. “Bambo, thandizani! Amayi agwera m'chikho!”

Njiri anadabwa. Chimunthu chonse chija kukwana m'chikho? Koma mkazi wake ankalira, ndipo ukwati ndi umene unali kumira. Anatsegula maso, anathamanga, anakwera pamtondo, nasuzumira.

Munali thobwa. M'thobwamo munali kachule, kakupalasa, chimera chili kumaso.

“Nachanza, usalire,” anatero Njiri. “Amayi mulibemo muno. Muli kachule basi. Taonani mwano wake! Kusamba m'thobwa la apongozi anga!”



Njiri anapisa dzanja, anakagwira mwendo, anakatukula pamaso pake.

“Iwe kanthu konyansa, kopanda khosi, wakuitana ndani pa Khirisimasi ya anthu olemekezeka? Apongozi anga akakuona akuponda, sadziwa n'komwe kuti aponda kanthu. Nachanza, ndikaponyere kuchimbudzi?”

Kachule kanapukuta thobwa m'maso. Kanamuyang'ana. Kanatsegula pakamwa.

“NACHANZAAA!”

Makutu a Njiri anapindikira kumbuyo. Anagwada pomwepo, apongozi akadali lende m'dzanja.

“Amayi... mwaswera bwanji?”

“Mwandiphimba. Mwandipachika. Mwandiviika. Mwandigwira mwendo. Mwandiyang'ana m'maso. Tsopano mukufuna kundiponya kuti?”

“Ndimati kumthunzi, amayi.”

“Nachanza, bulangete lawo!”

Nachanza analibweretsa lopinda kale. “Ndinakufunsani, bambo,” anatero. “Munati makutu muli nawo.”

Njiri anathawa mchira uli m'mwamba. Kwawo sanafike, manyazi anamuletsa. Anapeza una wakale m'tchire nakhala momwemo. Mpaka lero mukamuona akudya, amadya chogwada, kupepesa apongozi. Ndipo polowa kuuna amalowa chambuyo, maso ali kunja, chifukwa analumbira kuti aliyense wobwera azimuona yekha msinkhu wake.

Phunziro lake nali, ndipo silovuta. Mmisiri akakufunsa funso, yankha. Akafuna kukuuza kanthu, tseka pakamwa umve. Ukagula chopangidwa ndi manja, lipira manjawo, usamati bango limamera lokha. Ndipo ngati manja a munthu ukuwakonda, umuuze akadali moyo, akumva. Kukuwa pamaliro n'kosathandiza, wagonayo samva.

Nthano yanga yagona pamenepa. Dzukani muzipita, koma mphasa mwakhalirayo muisiye pomwepo.