Phanya ndi Nkhokwe ya Chitute

Padangokhala chaka china choipa, chija mvula idadula chimanga chikungomasula. Pofika Okutobala, m'munda mwa a Yotamu mudangotsala mapesi ndi fumbi. Njala idagwira anthu, idagwiranso mbewa, ndipo anthu atasowa pogwira adatembenukira mbewazo.

M'mundamo munkakhala Phanya, mbewa ya miyendo italiitali, waulesi pa kusunga chakudya koma katswiri pa kuthawa. Iye ankangofuna chinthu chimodzi basi, kuti mvula yoyamba idzamupeze ali moyo.

A Yotamu sadali mkumbi wamasewera. Asanagwetse khasu pa una, ankayamba afunafuna mbuli, kabowo kobisika kothawira mbewa, n'kukatseka ndi mwala. Phanya adawaonerera ali m'mapesi, ndipo adakakumba mbuli ziwiri. Ina adaisiya poyera, ina adaibisa pansi pa chitsa.

"Ndaitseka, mayi. Lero ndiwo zapezeka," adatero a Yotamu kwa akazi awo, a Nangondo, amene ankawatsata ndi lichero lopanda kanthu.

"Ndiwo zodyera chiyani, bambo? Ufa udatha Lachiwiri."

"Tingomwa msuzi."

Adakumba mpaka thukuta kuyenderera m'maso, napeza funkha, chisa cha udzu chija, chikadali chofunda koma mwini wake palibe. Phanya adali kuseri kwa chitsa, akuseka mosatulutsa mawu.

Kuseka kudatha msanga, pakuti potembenuka adaona Mphiri itatambalala panjira, khungu lili lendelende ndi njala.

"Ndikudya, mphwanga," idatero Mphiri. "Usandithamangitse, mphamvu ndilibe."

"Ine, achimwene? Tawerengani nthitizi. Mukandimeza mungodzilasa pakhosi. Koma pachulu apo pali una wozizira bwino, ndipo dzuwa likakula ana a mbewa inzanga Mende amadzabisalamo, asanu, onenepa. Kalowenimo mungodikira."

Mphiri idakwawira m'unamo. Phanya adapalasira dothi latsopano pakhomo, napondaponda kuti mapazi ake aoneke. M'mawa a Yotamu adaona mapaziwo, nakumba, ndipo atati apise dzanja, a Nangondo adawagwira mkono.

"Yambani ndi kamtengo. Mukafa ine ndikukwirirani ndi mphamvu ziti?"

Kamtengo kadatuluka ndi Mphiri, khasu lidachita zake. Phanya adadzitama kuti mdani mmodzi wamuphera mnzake, koma mimba yake sidamve nawo kukomako.

Chakudya m'munda monsemo chidatsala malo amodzi, kwa Chitute. Ameneyu ndi mbewa yofatsa, yoyenda ngati yatopa, imene imatuta mbewu m'masaya chaka chonse n'kumaunjika pansi. Phanya adafika pakhomo pake ndi nkhope yachisoni.

"Odi, achemwali. Ndamva kuti nyumba yanu ilibe mbuli. Nanga a Yotamu akabwera mudzatulukira kuti?"

"Ndidatanganidwa ndi kututa, achimwene. Nthawi yokumba idandisowa."

"Ndikukumbirani ine. Muzingondipatsa mtedza uwiri patsiku, kuti manja asanjenjemere."

Chitute adavomera. Phanya ankalowa pakona, n'kupalasa pang'ono kuti fumbi lioneke, kenako n'kugona. Akafunsidwa kuti mbuli ifika liti, ankati yatsala pang'ono. Koma mtedza uwiri udayamba kumuchepera. Ankayang'ana mulu wa chimanga, nzama ndi nthanga za maungu, mtima n'kumamuwawa kuti zonsezi zili ndi munthu wosadziwa n'kudya komwe.

Apa m'pamene nzeru zidamupitirira. Iye ankadziwa khalidwe la okumba mbewa kuyambira ali mwana: amatenga mbewa, koma zam'nkhokwe yake amazisiya zitamwazika m'dothi, poti munthu sadya zotuta mbewa. Choncho adatola makoko a mtedza, nawandandalika kuchokera panjira ya a Yotamu mpaka pakhomo pa Chitute.

Khasu litayamba kugunda pamwamba, Chitute adathamangira pakona paja. Njira ya Phanya idangolowa pang'ono n'kuthera pa dothi louma. Adaitana kawiri kuti, "Achimwene, achimwene," koma achimwenewo adali pansi pa chitsa, akumeza malovu.

A Yotamu adaponya Chitute m'thumba, nanyamula khasu kuti azipita. Phanya adakonzeka kudumpha.

"Taimani," adatero a Nangondo. Adagwada pa dzenjelo, nayamba kutola chimanga chimodzichimodzi.

"Mpaka za mbewa, mayi? Anthu akationa adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Onse ali m'minda akuchita zomwezi. Ndipo n'zathu izi, zidachokera m'munda muno."

Atatola zooneka, adaola dothi lonse la m'nkhokwemo, nalipeta m'lichero mpaka nthanga yomaliza. Lidakwana phala la masiku awiri. A Yotamu adayang'ana kumbali chifukwa cha manyazi, kenako adatambasula dzanja.

"Ndipatseniko njere imodzi. Phanya uja alipo, mapazi ake ndawaona pa mauna onse atatu. Kukumba ndatopa nako. Abwera yekha."

Adaimika mwala wafulati pa timitengo, namangirira njere ija pansi pake, napita.

Phanya adalowa m'dzenje la Chitute, nanunkhiza ngodya zonse. Mudangotsala fungo. Adakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba adachita mantha enieni, pozindikira kuti wapha yekha amene ankamudyetsa.

Diwa ankalidziwa bwino. Ndi iye amene ankaseka mbewa zina kuti zimafera njere imodzi ngati zopanda mutu. Tsiku loyamba adalizungulira patali. Lachiwiri adayesa kukoka njereyo ndi kaphesi, koma a Yotamu adali atamanga ndi luzi lolimba. Lachitatu adafuna woti amunamize kuti alowemo m'malo mwake, ndipo adayenda munda wonse osapeza ndi mmodzi yemwe. Mphiri idafa, Chitute adadyedwa, a Mende adathawira kudambo kalekale. Wochenjera adatsala yekha, wopanda womuchenjerera.

Tsiku lachinayi adayang'ana kumwamba. Kudali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

"Ndikudziwa kuti ndiwe diwa," adauza mwalawo. "Usaganize kuti wandipusitsa."

Adalowa.

A Nangondo ndi amene adatukula mwalawo masana. Adamunyamula Phanya ndi mchira, namuyang'ana uku ndi uku.

"Uyu ndiye watikumbitsa mauna atatu? Mafupa okhaokha, bambo."

"Muikeni m'thumba, mayi. Msuzi ndi msuzi."

Njere ija a Nangondo adaipeza ili yonse, yongokandika pang'ono ndi mano. Adaipukuta pachitenje, napatsa amuna awo kuti akatchere pena.