Munthu Amene Anachotsa Loko pa Kompyuta Yake

Panali munthu wina mumzinda wa Zomba, wolemba mapulogalamu a kompyuta. Ankagwira ntchito ku kabungwe kena kosamalira amayi othawa nkhanza za amuna awo. Amayiwo ankawabisa m'nyumba za lendi kuno ndi uko. Dzina la mayi aliyense ndi kumene wabisala zinkasungidwa pa intaneti, ndipo polowera pake panali pasiwedi, mawu achinsinsi olowera. Wosamalira pasiwediyo anali munthuyu.

Pulogalamu imene ankalembera ntchito yake inkalola kuikamo zowonjezera, monga mwini njinga amaikira belu kapena keliyala. Iye anakopeka ndi ziwiri. Choyamba chinali ngati loko: chinkasunga mapasiwedi onse mobisa, osatulutsa ndi imodzi yomwe munthu asanalembe mawu otsegulira. Chachiwiri chinali tsamba la malonje. Ukangotsegula pulogalamu, tsambalo linkakulonjera pokutchula dzina, pamwamba pali chithunzi chowala, pansi pali ntchito zako zadzulo, zongodina.

Anaika zonse ziwiri, nayamba kuziyerekeza. Tsamba lija linkamutsitsimula m'mawa uliwonse, ndipo ankatha nthawi akusintha mitundu yake. Loko uja analibe chokongola. Kanali kabokosi kotuwa kofunsa mawu basi. Munthuyo akangochoka kukamwa tiyi, pobwera ankapeza lokoyo wadzitseka, akufunsanso. Chala chikaphonya chilembo chimodzi, ayambirenso.

Munthuyo anatopa. Anaganiza mumtima kuti laputopu yake sichoka m'manja mwake, nanga akudzizunziranji? Tsiku lina anachotsa loko uja. Mapasiwedi onse anawalemba pa tsamba la malonje, pansi pa chithunzi, pamodzi ndi adiresi ya polowera, kuti aziwapeza msanga. Ntchito inayamba kuthamanga, iye nadzitama kuti wasankha bwino.

Masana ena magetsi anathima ku ofesi. Ananyamula laputopu napita ku lesitilanti ina imene inali ndi jenereta. Atangotsegula, bambo wina wovala jekete, wolankhula mwaulemu, anakhala pa tebulo lomwelo, maso ali pa sikirini.

"Koma ndiye mwaikongoletsa, bwana," anatero bamboyo. "Ndijambuleko, ndikamuonetse mwana wanga. Amazikonda zimenezi."

Munthuyo anakondwa. Panali pasanapezeke womuyamikira chifukwa cha tsambalo. Anapendeketsa sikirini kuti kuwala kwa pawindo kusasokoneze, bamboyo najambula ndi foni, nathokoza, napita.

Bamboyo anali mkulu wake wa mwamuna wina amene mkazi wake anathawira ku kabungweko. Anali atamulondalonda wolemba mapulogalamuyo kuchokera pa geti la ofesi.

Sabata isanathe, mwamuna uja anafika pa nyumba imene mkazi wake anabisala. Anamupeza akuyanika zovala za mwana. Pamene anthu oyandikana nawo ankathamangira kukaleretsa, n'kuti mayiyo ali pansi. Anapulumuka, koma diso limodzi silinaonenso.

Amayi ena onse anawasamutsa mothamanga tsiku lomwelo. Ena anakana kupita ku nyumba zatsopano. Anamanga katundu wawo nabwerera kwa amuna awo, amvekere bola kumenyedwa kumene ukukudziwa kusiyana n'kukhala ukudikira chitseko chigogodwe. Mbiri inamveka m'makwalala, ndipo amayi atsopano analeka kubwera.

Munthuyo anafufuza, napeza kuti wina analowa ndi pasiwedi yake pa foni yachilendo. Apo m'pamene anakumbukira bambo wa jekete. Anapita kwa Mayi Nachisale, amene ankalandira amayi othawawo ndi kuwaperekeza kobisala, nawafotokozera zonse osabisa kanthu. Anawauzanso kuti loko analipo, koma anamuchotsa yekha chifukwa ankamuchedwetsa.

Mayi Nachisale sanakalipe.

"Achimwene," anatero, "mayi aja ndinawagwira dzanja ine. Ndinawauza kuti kuno sangawapeze."

Tsiku lotsatira munthuyo anapita kuchipatala atanyamula nthochi m'jumbo. Anafika pa khomo la wodi, naona mayi wovulala uja chapatali ali ndi bandeji kumaso, mwana akugona ku miyendo. Anaima pomwepo nthawi yaitali. Kenako anabwerera osalowa, ndipo ku ofesi kuja sanapitekonso.

Inu amene mukuphunzira ntchito yolemba mapulogalamuyi, zowonjezera mudzakumana nazo zambiri, ndipo mudzaziyerekeza monga anachitira munthuyu. Sindikunena kuti tsamba lokongola n'loipa. Kongoletsani ngati mukufuna. Koma chida chosangalatsa chimatumikira inu, pamene chotopetsacho nthawi zambiri chimatumikira munthu wina amene simudzamuona n'komwe. Iye sadzakhalapo pamene mukusankha. Sadzafunsidwa. Tsono loko akadzakufunsani mawu kachiwiri, kachitatu, mtima n'kuyamba kuwawa, musanamuchotse dzifunseni kuti kuseri kwakeko mwatsekerako ndani. Kuchedwa kwanu n'kwa kanthawi. Mayi uja akuyenda ndi diso limodzi mpaka lero.