Thukuta la Yosefe

"Kodi beseni langa lokandiramo mandasi lamera miyendo?"

Bertha anafunsa ali chiimire m'khitchini, chikwama cha kuntchito chikadali paphewa. M'kabati, chiwaya chophikira buledi munalibe. Kuchipinda anapeza madiresi ake ali mulu pabedi ngati kaunjika, mahang'ala onse a waya atasowa. Kenaka anamva fosholo ikukwecha kugaraja.

Mwamuna wake, Douglas, anali atagwada pansi, akukanda simenti m'beseni lija. Pambali pake panaima anthu awiri a waya ndi nkhosa zitatu za waya.

"Bambo a Tawonga, ichi n'chiyani?"

"Uyu ndi Yosefe, uyo ndi Mariya. Mundipatseko nsalu zakutha, ndiziviike m'simenti ndiwaveke."

Nkhani inayambira Lamulungu, pamsonkhano wa gulu la mapemphero la Amalawi ndi a ku Zambia. Mayi Zelipa, wapampando, ananena kuti paphwando la Khirisimasi agule khola la Mwana Yesu lapulasitiki. Douglas anaimirira. Anati pulasitiki ndi chipongwe kwa Mpulumutsi, ndipo iye, amene anamangira mayi ake nyumba ya zipinda zinayi ku Ntcheu ndi manja ake awiriwa, aumba khola la simenti loti zidzukulu zidzalipeza. Anthu anaomba m'manja.

Nyumba ya ku Ntcheuyo aliyense pagulupo ankaidziwa, chifukwa chithunzi chake chinkatuluka mufoni ya Douglas ngakhale pamaliro. Bertha sankamuletsa. Kuno ku Brampton, kutsidya kwa nyanja, mwamuna wake ankayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira zolemera, m'nyumba yosungiramo katundu, komwe ankamudziwa ndi nambala ya pachifuwa. Kunja kwa banja lake, dzina loti mmisiri ndi lokhalo limene anabwera nalo pandege. Choncho Bertha anameza mawu, napereka matawulo awiri akutha. Zinazo Douglas anadzitengera yekha.

Tsiku lachitatu kunabwera Howard, mnzawo wa pagulu lija, wa ku Chipata, injiniya wa milatho. Anapeza Yosefe, Mariya ndi nkhosa ataimikidwa kuseri kwa nyumba, pa chipale chofewa chija amati sinowo, Douglas akuwathira madzi a m'ndowa.

"A mudala, manje mucita cani?"

"Ndikuthirira. Simenti ndi mwana wa madzi. M'mawa ndi madzulo, masiku asanu ndi awiri."

"Kwathu, inde. Koma lelo ni mainasi thwelofu. Madzi aja azauma n'kukhala ayezi m'kati simenti isanagwile. Zingenetseni m'nyumba, pafupi na hita, muziphimbe na pulasitiki. Pathumba apo analemba."

"Thumba limandiuza ine zochita?" Douglas anaseka. "Achimwene, inu mumamanga pa kompyuta. Munayamba mwagwirapo chipande cha pulasitala? Simenti ya kuno ndi ya ku Ntcheu mayi wake ndi mmodzi."

Howard anayang'ana Bertha. Bertha anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe thandizo lililonse.

Bertha nkhondo yake inali ya chiwaya. Douglas anaumbiramo Mwana Yesu, kuti chiwayacho chikhale ngati modyera ng'ombe. Madzulo a tsiku loyamba lomwelo Bertha anachitenga mwakachetechete n'kulowa nacho m'khitchini kuti amuchotsemo mwanayo. Anagwedeza, anagogoda, mwana anakana kutuluka. Mokwiya anachikulunga m'jumbo n'kuchiponya pansi pa sinki, pafupi ndi potulukira mpweya wofunda, n'kuchiiwala. Douglas atachipeza patapita sabata anagwira kumutu.

"Mayi a Tawonga, mwandiphera ntchito! Sabata yathunthu osamwa madzi? Ameneyu sachedwa kuphwanyika. Tidzangomuphimba ndi udzu, anthu asamuyang'anitsitse."

Koma akunja aja, ayi ndithu, anakongola. Kuthirira kwa m'mawa ndi madzulo kunawaveka ayezi wonyezimira ngati galasi. Douglas ankawagogoda ndi chala, iwo n'kumalira ngo ngo ngo.

"Mukumva? Chitsulo! Penti ndi wosafunika, akuwala okha."

Anawajambula n'kutumiza pagulu la pafoni. Mayi Zelipa anayankha ndi tizithunzi tisanu ndi kamodzi ta manja opemphera.

Loweruka la phwando, Howard yemweyo ndi amene anabwera ndi galimoto yake yapabwalo kumbuyo. Ulendo wonse wa ku Mississauga, kumene kunali holo ya phwandolo, banja loyera linakhala kumphepo, ndipo linafika lili gwa. Amuna anayi analowa nalo muholo akubuula.

"Zoterezi sizikhala kukhomo," anatero Mayi Zelipa. "Kutsogolo, pamene aliyense aone. Apo, pafupi ndi hita, Mwana asazizidwe."

Howard anatsegula pakamwa. Douglas anamuyang'ana ndi diso lakuti yesa. Howard anatseka pakamwa, nakakhala kumbuyo kwenikweni.

Bertha, amene ntchito yake ndi yosamalira okalamba ndipo amazindikira msanga munthu akayamba kufooka, ndiye anayamba kuona. Kwaya ili pa nyimbo yachiwiri, pamphumi pa Yosefe panatsika kadontho. Kenaka kena. Pofika nyimbo yachitatu bamboyo anali thukuta kamukamu ngati wafunsidwa za mimba ya Mariya pabwalo la milandu. Pansi pa nkhosa panayamba kuyenderera timadzi, ndipo amayi a mzere woyamba anasuntha mapazi.

Mayi Zelipa anaimirira kuti athokoze mmisiri. Anati gulu lili ndi mwayi, chifukwa ena ali ndi madigiri koma ena ali ndi manja. Douglas anaimirira, nakonza tayi. Nthawi yomweyo mutu wa Yosefe unayamba kuwerama pang'onopang'ono.

"Taonani, abale," anatero Mayi Zelipa, "ngakhale Yosefe akupembedza!"

Ena anati ameni. Yosefe anapitiriza kupembedza mpaka mutu unathothoka, n'kugwa pansi kuti phwa, ngati phala la dzulo. Pakhosi panatsala kokolowekera hang'ala, kali njo, kakufunsa funso. Nkhosa yoyamba inagwada. Yachiwiri inakhala pansi. Yachitatu inatsamira Mariya, ndipo simenti ya Mariya inayoyoka kuyambira paphewa mpaka kumapazi, n'kusiya poyera nsalu imene inali m'kati: diresi logonera la Bertha, lamaluwa ofiira, limene wakhala akulifunafuna milungu iwiri.

"Diresi limenelo ndikulidziwa," ananong'ona mayi wina kumbuyo, mokweza. "Tinagulira limodzi pa selo."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Woimba besi anachita kukhala pansi. Mayi Zelipa anayesa kuyambitsa pemphero koma linathera m'mpango.

Bertha sanaseke, ngakhale kuti nthiti zinkamupweteka. Anayang'ana mwamuna wake. Douglas anali chiimire, dzanja likadali pa tayi, akuyang'ana matope amene anali dzina lake. Bertha anadzuka, napita kutsogolo, nayamba wavula Mariya diresi lija n'kulipinda bwinobwino. Kenaka anakankha udzu, nanyamula chiwaya chake. Mwana Yesu anali momwemo, wouma, wosalala, wopanda ndi mng'alu womwe. Anamugogoda ndi mphete ya ukwati, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kumbuyo.

"Uyu waumbidwa ndi manja omwewo," anatero Bertha, osakweza mawu. "Kungoti anakulira m'nyumba."

Anthu anaombanso m'manja, mwina chifukwa cha Mwanayo, mwina chifukwa chofuna poti n'kupumira. Howard anabwera ndi tsache ndi fosholo, napatsa Douglas tsachelo, iye n'kugwira fosholo. Anasesa awiriwo limodzi. Atatsala pang'ono kumaliza, Howard anatola nkhope ya nkhosa imene inatsalako theka, naitembenuza.

"Koma a mudala, kuumba muziba. Ine iyi siningakwanitse."

Douglas anangotola mahang'ala onse, nawawongola limodzilimodzi, n'kuwapereka kwa mkazi wake.

Pobwerera, Bertha anafukata chiwaya pamiyendo. Anadutsa maloboti anayi. Pa achisanu Douglas anatsokomola.

"Mayi a Tawonga."

"Ee, bambo."

"Kuyambira Lamulungu likubwerali ndikulowa kwaya."

Bertha, amene pa zaka makumi awiri ndi zitatu za banja anali asanamvepo mwamuna wake akuimba mzere umodzi mpaka kumapeto, anatsegula pakamwa, nayang'ana Mwana wa m'chiwaya, natsekanso. Loboti inayaka yobiriwira.

Chiwayacho mpaka lero sichinaphikenso buledi, ndipo chithunzi cha nyumba ya ku Ntcheu chimatuluka mwa apo ndi apo, munthu akachita kuchipempha. Douglas simenti ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Chimene sankadziwa ndi dziko limene anaikandiramo, ndipo amene ankalidziwa anaima pakhomo pake n'kumuuza, iye n'kumubweza ndi ndowa m'manja. Akuluakulu sananame: nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.