Khonde Lakuda la Nankhoma

Kalekale, ana inu, m'mudzi wina munali mayi wotchedwa Nagama, katswiri wozira nyumba. Makoma ake ankawala mbee ndi dothi loyera, ndipo amayi onse ankatengera kwa iye. Kutamidwako kunamulowa m'mutu, moti chilichonse chimene sichinamukomere ankati n'chonyansa basi.

Mwana wake mmodzi yekhayo, Chikaonda, anakwatira Nankhoma n'kubwera naye pachitengwa. Mvula itatha, mtengwayo anazira khonde lake ndi dothi lakuda bii, n'kudontheza timadontho tofiira ndi chala. Nagama ataona, mtima unamuwira.

"Apongozi, kodi pano pagwa maliro?" anafunsa motero.

"Iyayi amayi," anayankha Nankhoma atagwada. "Malemu mayi anga ankazira chonchi. Ndikaliona khondeli ndimakhala ngati akadali moyo."

"Kwanu n'kwanu. Kuno maso tili nawo."

Tsiku lina Nankhoma atapita kudimba, Nagama anabwera ndi mphika wa dothi loyera n'kufafaniza zonse. Anagwira ntchitoyo akuimba, poganiza kuti akuchotsera mwana wake manyazi. Pobwerera, Nankhoma anangoima chilili, khasu lili paphewa. Anamanga katundu wake m'nsalu n'kuuyamba ulendo wa kwawo.

Chikaonda naye anapinda mphasa yake. "Amayi," iye anatero, "khonde lija inenso ndinkalikonda. Munandifunsako?" Anatsatira mkazi wake kukakhala chikamwini, ndipo m'mudzimo sanapondemonso.

Nagama anakalamba yekha, wopanda ngakhale womutungira madzi. Nyumba ya mwana wake inasanduka bwinja. Mvula inakokolola dothi loyera lija, lakuda n'kuonekeranso. Masana ena, atakhala pabwinjapo chifukwa chosowa mwana wake, anaona buluzi atadziyala pakhonde lakudalo, akugwedeza mutu mokhutira.

"Thengo lonseli, miyala yonseyi, iwe n'kusankha khonde limene ine ndinalinyoza?" anatero mayi uja. Misozi inatsika, koma woipukuta panalibe. Ndipo anati, "Makondamakonda, buluzi anakonda khonde."

Mwambiwu unayambira pamenepo. Ukutanthauza kuti mitima imakonda zosiyana, ndipo chimene wakonda mnzako chili ndi chifukwa chake ngakhale iwe sukuchiona. Ukhoza kunena kuti sichikukukomera, koma usachifafanize. Nagama anazindikira zimenezi mochedwa, ndipo anamwalira asanaonenso nkhope ya mwana wake.