Munthu Amene Ankaiwala Magalasi

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, wokweza matumba a fetereza pa mathiraki. Tsiku limene tikumupeza, dzuwa lili paliwombo, anali pa thabwa lokwerera, thumba lili pakhosi, thukuta likulowa m'maso. Anzake asanu ankamutsata pambuyo. Thumba likatera, ankatsika chothamanga kukasenza lina. Thiraki imodzi inkadya matumba mazana asanu ndi limodzi, ndipo kunja kwa geti kunali zina zitatu zikudikira.

Dalaivala wa thirakiyo anali atagona pamthunzi pansi pa ngolo, chipewa kumaso, wailesi pamimba. Lufeyo akamadutsa ndi thumba ankamuyang'ana. Akamabwerera ankamuyang'ananso.

Madzulo ake anauza mkazi wake Nagama kuti, "Zaka khumi ndi ziwiri ndikukweza katundu amene sindidziwa kumene amapita. Msanawu watsala pang'ono kundikana. Ndikufuna chiwongolero."

Kuyambira tsikulo sanakhalenso pansi. Akaweruka ankayenda wapansi kufunsa sukulu zophunzitsa galimoto. Ya m'tauni, ya magalimoto onyezimira, inamutchulira mtengo umene unamuumitsa pakamwa. Pa depoti munthu wina wa jekete anamukokera pambali nati angathe kumupezera laisensi osaphunzira n'komwe. Lufeyo anakana. Anali atawaonapo madalaivala oterowo akulephera kulowetsa thiraki pa geti.

Pomaliza anapeza kasukulu kumapeto kwa tauni. Mwini wake anali mkulu wina wopuma pa ntchito ya udalaivala, ndipo anali ndi galimoto yaing'ono imodzi ndi lole yakale imene Loweruka inkatuta mchenga. Anagwirizana kuti Lufeyo alipire theka, theka linalo azilipira ndi fosholo. Choncho masiku asanu ankasenza fetereza, Loweruka ankakweza mchenga, Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankagwira chiwongolero pa bwalo la mpira. Anayamba ndi galimoto yaing'ono, kenako lole, kenako ya ngolo imene mkuluyo ankabwereka kwa mnzake. Zinamutengera zaka ziwiri. Mwezi uliwonse ankafunsa kuti, "Kodi sindinakwanebe?" Mkuluyo ankangoti, "Bwererani chammbuyo kachiwiri. Mwaponda njerwa."

Koma Lufeyo anali ndi chinthu chimene ankabisa. Sukulu anailekera sitandade 2. Dzina lake ankatha kulemba, zina zonse ayi. Zikwangwani za pamsewu anaziloweza monga timalowezera nkhope za anthu, ndipo mafunso a mayeso anawaloweza pomvera anzake akamabwereza. Munthu akamupatsa pepala, ankaliyandikitsa, nalitalikitsa, nasisita m'maso, n'kunena kuti, "Ndaiwala magalasi." Magalasiwo analibe, ndipo maso ake ankaona nyerere ili pakhoma.

Nagama ankadziwa, koma sankanena. Iyeyo Lachiwiri ndi Lachinayi ankapita ku sukulu ya kwacha, kope lili m'thumba la shuga. Mwamuna wake ankamuseka. "Mayi wa ana anayi kumaimba a, e, i, o, u! Mukakhoza adzakupatsani yunifomu?" Nagama ankangomanga chitenje n'kumapita.

Laisensi itatuluka, Lufeyo sanagone nayo masiku awiri. Anaiika m'thumba la malaya napita kumene makampani a mathiraki anandandalika m'mbali mwa msewu.

Pa kampani yoyamba anapeza mayi wina wa imvi, woyang'anira madalaivala. Mayiyo sanamwetulire. Anamutulutsa panja, namuuza kuti abweze thiraki ya ngolo pakati pa migolo iwiri. Lufeyo anailowetsa osakhudza mgolo.

"Mkono muli nawo, bambo," anatero mayiyo. "Koma kuno watsopano amayenda miyezi itatu pambali pa dalaivala wamkulu asanapatsidwe makiyi. Malipiro amayamba ochepa." Kenako anatulutsa pepala la masamba anayi. "Werengani. Muli malipiro, masiku opuma, ndi zimene timachita mukavulala pamsewu."

Lufeyo analiyandikitsa, nalitalikitsa. "Ndaiwala magalasi, mayi."

"Palibe kanthu. Pitani nalo kunyumba. Muwerenge mofatsa, kapena wina akuwerengereni. Mubwere Lolemba."

Anatuluka nalo. Pa geti anaima. Kunyumba kunali munthu mmodzi amene akanamuwerengera masamba anayiwo, ndipo anali yemwe uja wa kope la m'thumba la shuga. Anadziona atakhala pa mpando, Nagama akuyendetsa chala pa mizere, ana akumvetsera pakhomo. Anaganizanso za miyezi itatu yokhala pampando wa kumanzere, munthu woti wadikira kale zaka ziwiri. Anapinda pepalalo kanayi, naliponya mumgolo wa zinyalala, nawoloka msewu.

Kutsidya kunali mpanda wa malata wopanda chikwangwani, ndi mathiraki atatu. Mwini wake, munthu wonenepa wa mafoni awiri, anamulandira ndi manja onse.

"Achimwene! Mwachita kutumidwa. Dalaivala wanga wadwala, katundu ali pa thiraki kuyambira dzulo. Laisensi muli nayo? Basi. Kuno za mapepala sitilimbana nazo, timakhala pachibale. Makiyi ndi awa."

Makiyiwo anali ofunda ndi dzanja la bwanayo. Lufeyo anawafumbata.

"Ndi madeya a chimanga, mukatsitsa kumalire. Kungoti lembani dzina apa, n'kapepala kamodzi."

"Magalasi ndaiwala, bwana."

"Musavutike, achimwene, ndikuwerengerani. Akuti mwalandira dizilo wokwana ulendo. Ndi zomwezo."

Lufeyo analemba dzina lake pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, monga ankachitira nthawi zonse. Bwanayo anapinda kapepalako nakaika mu envelopu pamodzi ndi makalata a katundu.

Atafika pa thirakiyo anazungulira kamodzi. Lona anali womangidwa kale, zingwe zili gwa. Anayang'ana matayala. Munthu amene wasenza katundu zaka khumi ndi ziwiri amadziwa kuti madeya ndi opepuka, ungawaunjike mpaka kumwamba thiraki n'kumaimabe chilili. Iyi inali itakhala pansi ngati yasenza simenti. Anagwira chingwe cha lona. Bwanayo anakuwa ali pakhomo kuti, "Dzuwa likupita, achimwene!" Lufeyo anasiya chingwecho nakwera.

Anayendetsa bwino. Zimenezo tisamunamizire. Pa zitunda ankasintha magiya pa nthawi yake, potsetsereka sankathamanga. Anadutsa misika imene ankangoimva maina, ndipo anthu okweza matumba m'mbali mwa msewu ankamuyang'ana ali pamwamba. Maola anayi amenewo ndiwo anali udalaivala wake wonse.

Pa rodibuloko ina anamuimitsa apolisi pamodzi ndi a zankhalango. Anamasula lona. Pamwamba panali mizere iwiri ya matumba a madeya. Pansi pake panali zipika za mitengo yoletsedwa kudula, zodzaza ngolo yonse.

"Katunduyu ndi wa ndani?" anafunsa wapolisi.

"Wa abwana anga. Ine ndangoyamba lero."

Wapolisiyo anatsegula envelopu, nawerenga, namuyang'ana. "Lufeyo ndi inu? Dzanja ili ndi lanu?"

"Ndi langa. N'kapepala ka dizilo."

"Werengani nokha."

Lufeyo anakayandikitsa, nakatalikitsa, nakabweza osatchula za magalasi. Wapolisiyo anamuwerengera. Kapepalako kankanena kuti iye, Lufeyo, wabwereka thirakiyo kwa masiku atatu kuti anyamulire katundu wake, ndi kuti mwini thiraki sakudziwa chimene chanyamulidwa.

Apolisiwo anamuimbira bwana uja. Foni yoyamba inali yozima. Pa yachiwiri anayankha mwaulemu kuti munthuyo anangobwera kudzachita hayala, ndipo umboni uli m'manja mwa apolisiwo.

Kukhoti kalaliki anawerenganso kapepalako mokweza. Nagama anali pa benchi yakumbuyo. Atapempha kuti akaone, anamupatsa, ndipo anayendetsa chala pa mizere yake isanu, milomo ikugwedera. Sizinamutengere mphindi zitatu. Anakabweza kwa kalaliki, nakhala pansi, osayang'ana mwamuna wake.

Tsono inu amene mwakhala pa mabenchi awa a sukulu ya kwacha, ena mwabwera mozemba kuti anzanu a ku ntchito asakuoneni. Ena mwatsala pang'ono kusiya chifukwa mwezi watha musanathe kuwerenga kalata. Ndatopa nako kumva za magalasi. Kusadziwa kuwerenga kuli ndi mankhwala, ndi ano tikumwa masana ano. Kubisa ndiye kulibe. Mukapita kofuna ntchito, ya thiraki kaya ya ulonda, yang'anani bwana amene akulolani kupita ndi pepala kunyumba. Amene akuti lembani pompano, ndikuwerengerani ndine, mubwezereni cholembera chake, ngakhale akutchuleni achimwene kakhumi. Ndipo ngati simutha, nenani kuti sinditha. Manyazi ake satha mphindi zisanu.

Lufeyo anakana kulipira mphindi zisanuzo. Analipira zaka zitatu kundende, ndipo laisensi imene anaisenzera mchenga zaka ziwiri inatha ntchito ili mu kabati ya kupolisi, atayenda nayo ulendo umodzi wosafika.