Nambala Yobisika M'dzimbiri

Pakhomo pa Mayi Falida, kwa Mwambo, panali Landirova yakale yobiriwira imene inkaima pansi pa mtengo wa mango, mphuno italoza kunyanja. Amuna awo, malemu Che Swalehe, anainyamulitsa nsomba ndi mpunga kupita ku Songani kwa zaka khumi ndi zisanu. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 galimotoyo inaima, ndipo mwini wake anatsikira kulichete chaka chomwecho. Madzi atabwerera, mpunga n'kucha m'madambo, amalonda anayamba kuodira pakhomopo kufunsa ngati Landirova idzayendanso.

Kuti iyende, inafunika kuchoka m'dzina la malemu n'kulowa m'dzina la mayiwo. Ku ofesi yoona za magalimoto anawauza kuti abwere nayo, woyeza adzaone ngati nambala ya pa chasisi, chimsana chachitsulo chija chimene chimasenza galimoto yonse, ikufanana ndi ya m'kaundula. Ikasiyana, galimoto sibwerera kwawo, imakagona kupolisi, poti zaka zimenezo galimoto zakuba zinali mbwee. Tsono matope amchere a ku Chilwa anali atadya chitsulocho, ndipo pamalo pa nambala, pafupi ndi tayala lakutsogolo, panali chikhungwa cha dzimbiri. Bulubuku, kabuku ka umwini wa galimoto, nayo inanyowa kalekale m'thumba la malemu, moti nambala yomalizira inali itasungunuka, kaya ndi 8, kaya ndi 3.

Mayi Falida anaitana Che Rashidi, makaniko wokalamba amene anali bwenzi la malemu. Injini anaidzutsa masiku atatu okha. Koma atayala thumba pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto, ntchito inayamba kuyenda mwaukamba. M'mawa uliwonse ankadonthezera palafini pa dzimbiripo ndi nthenga ya nkhuku, n'kudikira. Kenako ankapala pang'onopang'ono ndi timawaya ta chingwe cha buleki ya njinga, ngati munthu wochotsa chitsotso m'diso la mwana. Tupa anaikana, sandipepala anaikananso.

Tsiku lachinayi la ntchito ya dzimbiriyo kunabwera Gerishomo, wowotcherera zitsulo wa ku Songani, munthu wa manja achangu ndi pakamwa pachangu. Anasuzumira kunsi n'kuseka.

"Madala, mukuisambitsa kapena mukuikonza? Nkhono itanyamuka pano lero ikafika ku Songani inu musanaone nambala imodzi."

"Ikandiperekere moni kumeneko," anatero Che Rashidi, osatulutsa mutu.

Gerishomo anatembenukira kwa mwini galimoto. "Mayi, izi n'zosavuta. Ndidula powolapo, ndiwotcherera chitsulo chatsopano, ndikhoma manambala ndi zidindo zanga monga alili m'bulubukumu. Tipake utoto, mawa muli pamsewu. Yomalizirayi ndi 8, ngakhale wakhungu angaione."

Mtima wa Mayi Falida unapendekera komweko. Amalonda awiri anali atapita kale kukalankhula ndi mwini thirakitala, ndipo mpunga sudikira munthu. Anagwada pambali pa tayala.

"Alamu, mwamva? Galimotoyi ndi yathu ndithu, sitinabe. Cholakwika n'chiyani tikalemba dzina lake lomwe?"

Che Rashidi anatuluka, nkhope ili mbuu ndi fumbi la dzimbiri, nakhala tsonga. "Alamu, nambala imeneyi anaikhoma ndi amene anaipanga galimotoyi. Ndiye mphini zake zobadwa nazo. Tikazidula n'kutema zathu, ngakhale tilondole bwanji, tasandutsa mwana wa pakhomo kukhala mlendo. Galimoto ndi yanu, mukafuna idulidwe muidula. Koma ine ndiyambe ndanyamula zipangizo zanga."

Mayiwo anakwiya, osabisa. Anadziwa komabe kuti mkuluyu anaigwira galimotoyo kuyambira tsiku limene inafika m'mudzimo, ndipo sanawanamizepo malemu ngakhale pa bawuti imodzi. Anamuuza Gerishomo kuti abwere sabata yamawa. Iye anakwera njinga akupukusa mutu.

Masiku otsatirawo anali owawa. Thirakitala inkadutsa pamsewu itasenza matumba a mpunga, ndipo amayi a pachitsime ankafunsa ngati Landirova yasanduka khola la nkhuku. Mayi Falida ankapereka tiyi kwa makaniko wawo osanena zambiri. Koma ankaona. Ankaona mmene mkuluyo ankapukutira malowo ndi kansalu, mmene ankasiyira ntchito dzuwa likakwera, ati kuwala kwa masana kumabisa zilembo, kwa m'mawa kopendekera ndiko kumaziulula. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunaoneka manambala atatu, ofooka ngati mapazi a mbalame pamatope ouma. Tsiku lotsatira anaonekanso ena.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi Che Rashidi anapaka choko pachitsulopo, napukuta ndi chala, choko n'kutsalira m'timaenje mokha.

"Alamu, tabwerani ndi bulubuku ija. Musaope fumbi."

Mayi Falida anagona chammbali pathumba paja, nawerenga imodziimodzi. Atafika pa yomalizira anaiyang'anitsitsa. Mimba yake inali yotseguka mbali imodzi. Inali 3.

Gerishomo atabwera, Che Rashidi anamuonetsa pamene ayenera kuwotcherera zigamba, uku ndi uku, kusiya pa nambalapo osapayandikiza moto. Mnyamata wa pakamwa uja anayang'ana 3 ija nthawi yaitali, nagwira ntchito yake bwino lomwe, osaponyanso nthabwala.

Ku ofesi kuja woyeza anagwada ndi tochi, napenda chitsulocho, nachigogoda, kenako anatsegula kaundula n'kuyendetsa chala pamzere.

"Anakutsukirani ndani pamenepa, mayi?"

"Ndi alamu angawa."

"Bambo, dzanja lanu ndi lofatsa. Ambiri amapala ndi tupa mpaka nambala kutha, ena amakhoma zawo." Analoza kuseri kwa mpanda, kumene kunaima galimoto ziwiri matayala ataphwa. "Izo zikudikira apolisi. Eni ake akulumbira kuti ndi zawo, ndipo mwina akunena zoona. Koma ife timamva chitsulo, osati malumbiro."

Anadinda pepala, nalemba dzina la Falida.

Pobwerera, Landirova ikulira m'fumbi la msewu wa kunyanja, mayiwo anafungatira bulubuku yatsopano pachifuwa. Anaganiza za 8 ija imene iwo eni anatsala pang'ono kuivomera, ndi mpanda uja. Mpunga wina unali utapita ndi thirakitala, inde, koma m'madambo munali mudakali wambiri, ndipo chaka chamawa kudzakhalanso wina.

"Alamu, munadziwa bwanji kuti si 8?"

"Sindinadziwe," anatero Che Rashidi, maso ali pamsewu. "N'chifukwa chake ndimafuna ndione."

Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.