Phula la m'Dzino la Nagama

Ana inu, mwambi sumera wokha ngati bowa. Uwu unachokera m'kamwa mwa mayi wina wa m'tsinde mwa phiri, dzina lake Nagama, mkazi wa Lufeyo wofula njuchi.

Nagama atatenga pakati koyamba, nkhama zake zinayamba kutuluka magazi, ndipo dzino lina lakumbuyo linabooka. Kuchitsime anamva amayi akunena kuti wapakati akazulidwa dzino, mimba imachoka. Mwana ankamufunitsitsa, choncho anati bola kupirira.

Ululu utakula, anayamba kutapa phula m'chidebe cha mwamuna wake n'kumatseka pabowopo. Likamezeka pamodzi ndi chakudya, ankaikapo lina. Kusikelo namwino akafunsa ngati pali vuto, iye ankangophimba pakamwa ndi chitenje n'kupukusa mutu. Nayenso Lufeyo, katswiri wodziwa mng'oma uliwonse m'phirimo, sanaone n'komwe kuti mkazi wake akutafunira mbali imodzi. Amuna ena maso awo ndi okongoletsa nkhope basi.

Tsiku lina ali pamzere kuchigayo, Nagama anangoti khu pansi. Chitenje chitachoka kumaso, amayi onse anagwira pakamwa. Tsaya linali litatupa mpaka kutseka diso, thupi lili moto.

Kuchipatala dokotala anatulutsa m'dzinomo phula lakuda bii, mafinya n'kutsatira. Anati matenda a m'dzino anali atalowa kale m'magazi. Tsiku lomwelo mimba inayamba kuwawa miyezi isanakwane. Mwana anabadwa wamwamuna, koma sanalire. Mpaka lero ndikafika pamenepa mtima umandiwawa.

Nagama atatsitsimuka, namwino uja wa kusikelo anamufunsa chifukwa chake sananene.

"Ndimaopa kuti mukandizula dzino, mwana wanga achoka," anayankha motsitsa mawu.

"Mayi, dzino timachiza ngakhale muli ndi pakati. Mukanangofunsa."

Lufeyo, amene anaima pakhomo, anangokhala pansi pomwepo manja ali kumutu.

Amayi a kuchigayo atamva za phulalo anadabwa kwambiri, ndipo mmodzi anati, "Safunsa anadya phula." Mawuwo anafalikira midzi yonse mpaka kusanduka mwambi.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu: munthu wochita mantha kapena manyazi kufunsa odziwa amadzipweteka yekha ndi nzeru zongotola m'njira. Nagama anatseka pakamwa kuti asunge mwana, ndipo kutseka pakamwako ndi kumene kunamulanda mwanayo.